Musanalowe m'nyanja ya mchere: zimene taona pa ma jellyfish kugombe la Durban ndi la Mozambique

Ambiri a ife madzi tinawadziwira ku Salima, ku Mangochi, ku Nkhata Bay kapena pamtsinje wa kumudzi. Kumeneko zoopa timazidziwa: ng'ona, mvuu, likodzo, ndi mwera ukakalipa. Nyanja ya mchere ili ndi zakezake, ndipo chimene chimavulaza anthu ambiri pagombe si shaki ayi, koma kanthu kofewa, kooneka ngati pulasitiki yoyandama, kotchedwa jellyfish. Ife amene takhalitsa m'mphepete mwa nyanja ya Indian, kuyambira ku Durban kukwera mpaka ku Inhambane, Nacala ndi Pemba, chaka chilichonse m'mwezi wa Disembala timaona alendo ochokera kumtunda akulumidwa. Kulumidwako n'kopiririka nthawi zambiri. Chimene chimaonjeza ululu ndi chithandizo cholakwika chimene achibale amapereka m'mphindi khumi zoyambirira, ndi mtima wabwino ndithu.

Jellyfish ilibe fupa, ilibe mtima, ilibe ubongo, ndipo pafupifupi magawo 95 pa 100 a thupi lake ndi madzi. Sithamangitsa munthu. Chida chake chili pa zingwe zimene zimalendewera pansi pake. Pa chingwe chilichonse pali timatumba tosaoneka ndi maso, masauzande ambirimbiri, ndipo m'kathumba kalikonse muli kambola kopindidwa kokhala ndi poizoni. Khungu likangokhudza chingwecho, timbolato timafwamphuka n'kulowa m'thupi mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: pa kukhudzana koyamba, timatumba tina tokha ndi timene timaphulika. Tambiri timatsala pakhungu tili tamoyo, tikudikira. Aliyense amene anakumanapo ndi chitedze akudziwa kuti ukakanda ndiye waputa zambiri, ndipo apanso ndi chimodzimodzi. Kupukuta ndi thaulo, kukhula ndi mchenga, kuthira madzi akumwa, zonsezi zimaphulitsa timatumba totsalato n'kuonjezera poizoni m'thupi.

Timatumbati sitifa msanga. Jellyfish imene yauma pamchenga imalumabe, chingwe chimene chaduka n'kumayandama chokha chimalumabe, ndipo asodzi amalumidwa ndi zotsalira zouma pa maukonde awo, makamaka akagwira ukonde kenako n'kutikita m'maso.

Imene mudzakumane nayo kawirikawiri ku KwaZulu-Natal ndi kum'mwera kwa Mozambique ndi bluebottle. Ku Mozambique mukamva anthu akuchenjezana kuti alforreca kapena caravela, dziwani kuti akunena zolumazi. Bluebottle ili ndi kathumba ka mpweya kabuluu koyandama pamwamba pa madzi, kamene kugombe lathu lino nthawi zambiri sikapitirira masentimita 10, ndi chingwe chabuluu chimene chimatha kutalika mamita angapo. Za kunyanja ya Atlantic n'zazikulu, zingwe zake zimafika mamita 10 mwinanso 30. Akatswiri amati kwenikweni si nyama imodzi koma gulu la tizamoyo togwirizana, koma kwa wolumidwa zimenezo zilibe kanthu. Chofunika kudziwa n'chakuti bluebottle satha kusambira. Amapita kumene mphepo yawakankhira. N'chifukwa chake amabwera onse pamodzi: lero gombe lili mbee, mawa m'mawa mchenga wonse wadzaza timabaluni tabuluu motsatira mzere umene mafunde anafika usiku.

Choncho musanayang'ane madzi, yang'anani mphepo. Ku Durban, mphepo yochokera kum'mawa kapena kumpoto chakum'mawa ikawomba mwamphamvu tsiku lonse kapena masiku awiri kulunjika kumtunda, yembekezerani ma bluebottle. Ku Cape Town, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ndi imene imawaunjika ku Muizenberg ndi magombe ena a False Bay. Mphepo ikatembenuka n'kuyamba kuwomba kuchoka kumtunda, amachepa. Kuchuluka kwawo sikochitira masewera: mu Januwale 2019, ku Queensland m'dziko la Australia, anthu pafupifupi 13,000 analumidwa m'sabata imodzi yokha mphepo itawakankhira kugombe, ndipo magombe angapo anatsekedwa.

Ma jellyfish enieni, ozungulira ngati ambulera aja, amachuluka pa zifukwa zinanso. Ali aang'ono amakhala atamatirira pamiyala, pazipilala za madoko ndi pansi pa zombo, ndipo madzi akafika pa kutentha koyenera, kalikonse kamatulutsa ana ambiri nthawi imodzi. Kumene nsomba zodya chakudya chofanana ndi chawo zatha chifukwa chopha mopyola muyeso, iwo amatenga malo. Kugombe la Namibia zinachitika zimenezi nsomba za sardine zitatha m'zaka za m'ma 1970, moti ofufuza anapeza mu 2006 kuti kulemera kwa ma jellyfish m'madzi amenewo kunaposa kwa nsomba. Akamba akuluakulu a m'nyanja amene amaikira mazira kugombe la iSimangaliso ku South Africa ndi Ponta do Ouro ku Mozambique amadya ma jellyfish, ndipo jumbo yoyandama amaimeza poganiza kuti ndi chakudya chawo. Musasiye majumbo pamchenga, chonde.

Mukafika pagombe, yendani kaye pang'ono motsatira mzere wa zinyalala zimene madzi asiya. Mukaona ma bluebottle atatu kapena anayi onyowa, m'madzimo muli ambiri. Funsani ma lifeguard, anthu opulumutsa omira pagombe, werengani chikwangwani chawo, ndipo sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu. Maukonde otchinga shaki a ku KwaZulu-Natal satchinga jellyfish ngakhale pang'ono. Ana auzeni momveka bwino kuti kabaluni kabuluu sikogwira, sikoponda kuti kaphulike, sikoika m'kachitini kosewerera. Ana ambiri amene timawaona akulira salumidwa m'madzi, amalumidwa pamchenga, m'zala ndi pakati pa zala zakumapazi.

Tsopano tinene kuti munthu walumidwa. Amamva ngati wakwapulidwa ndi waya wamoto. Choyamba n'kutuluka m'madzi, modekha. Kwa munthu wosazolowera mafunde, ngozi yaikulu panthawiyi ndi kumira chifukwa cha mantha, osati poizoni. Asaphiriphithe, chifukwa chingwe chimakulungika m'manja ndi m'miyendo akamadzigwedeza. Ngati ali pakuya, akweze dzanja limodzi m'mwamba kuti ma lifeguard amuone. Wopita kukamuthandiza ayang'anitsitse pamadzi, chifukwa chingwe chomwecho chikadalipo.

Akafika pamchenga, mukhazikeni pansi ndipo mumugwire manja ngati ndi mwana, kuti asakande. Musamulole kuthamangira kushawa ya pagombe. Tikudziwa, mtima umathamangira komweko, koma madzi a mushawa ndi opanda mchere, ndipo madzi opanda mchere akakhudza timatumba tija timaphulika. Tungani madzi a m'nyanja momwemo, ndi ndowa, botolo kapena chipewa, muonetsetse kuti mulibe tizidutswa ta zingwe, ndipo thirani pamalopo mobwerezabwereza osakhula. Kenako chotsani zingwe zimene zamatirira. Pakhungu zimaoneka ngati ulusi wabuluu kapena mamina oonekera. Zinyamuleni chimodzichimodzi kuzikweza m'mwamba, osati kuzikokera m'mbali, pogwiritsa ntchito kachitsulo kozulira nsidze kaja, magolovesi, kapena kamtengo. Ngati palibe chilichonse, nsonga za zala za munthu wamkulu zili ndi khungu lokhuthala, mungamve kuyabwa pang'ono chabe, koma mukatha sambani m'manja ndi madzi a m'nyanja musanagwire kumaso kapena mwana. Kupala ndi khadi la kubanki kapena lezala, kumene ena amalangiza, ife sitikuvomereza, chifukwa kukanikizako kumalowetsa poizoni wina.

Zingwe zonse zikachoka, pamenepo ndiye pofunika madzi otentha. Ichi ndi chithandizo chimene chimagwiradi ntchito pa bluebottle, ndipo chinayesedwa pa anthu olumidwa kumagombe a Newcastle ku Australia, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2006: kuviika m'madzi a madigiri 45 kwa mphindi 20 kunachepetsa ululu kuposa ayezi. Kutentha kumafooketsa poizoniyo. Wina angafunse kuti nanga madzi otenthawo si opanda mchere? Inde, n'chifukwa chake amabwera pambuyo, timatumba tambiri titachotsedwa kale. Mukasintha ndondomekoyi mwaononga.

Madigiri 45 si madzi owira, ndipo pamenepa anthu amapsereza ana. Ngati mulibe choyezera, sakanizani kapu imodzi ya madzi owira ndi makapu atatu a madzi a pampopi. Kumalo otentha kumene madzi a pampopi amakhala pa madigiri 25, muyeso umenewu umapereka madigiri pafupifupi 44. Takasani, ndipo wothandizayo aviike dzanja lake kaye kwa masekondi khumi kapena kuposerapo. Ngati iye sangapirire, ndiye kuti atenthetsa. Musadalire wolumidwayo kuti akuuzeni, pakuti khungu lopweteka silizindikira bwino kutentha. Kwa mwana wamng'ono ndi nkhalamba, chepetsaniko pang'ono. Madzi m'beseni amazizira pakangopita mphindi zisanu, ndiye muziwonjezera otentha pang'onopang'ono, mutatulutsa kaye mwendowo. Ngati walumidwa pamsana kapena pachifuwa, shawa yotentha ndi yabwino, kapena thaulo loviika m'madzi otentha lomasinthasintha, longoika pamwamba osatikita. Kumene madzi otentha kulibiretu, ayezi wokulunga mu jumbo youma amaziziritsa ululu, koma asakhudze khungu akusungunuka.

Nkhani ya viniga imasokoneza anthu, ndipo ngakhale akatswiri sanamvane kwathunthu. Viniga sachotsa ululu ndipo sachotsa poizoni amene walowa kale. Ntchito yake ndi kupha timatumba timene sitinaphulike. Pa mtundu woopsa wotchedwa box jellyfish, palibe mkangano: thirani viniga wambiri kwa masekondi 30 kapena kuposa, musanayambe n'komwe kuchotsa zingwe. Pa bluebottle, malangizo a ku Australia amati musathire, pomwe kafukufuku wa mu 2017 wa ofufuza a ku Hawaii ndi Ireland anapeza kuti viniga wosasungunula amathandiza. Maganizo athu ndi awa: ngati mwaona ndi maso kuti ndi bluebottle, madzi a m'nyanja, kuchotsa zingwe ndi madzi otentha n'zokwanira. Ngati muli kumadzi ofunda a kumpoto kwa Mozambique, simunaone chimene chaluma, ululu ndi woopsa ndipo mikwingwirima ndi yotakata, thirani viniga. Ndi viniga wamba woyera wa kukhitchini, wothira pa tchipisi yemwe uja, wosasakaniza ndi madzi. M'maso musathire.

Mkodzo ayi. Nkhani imeneyi inafala kwambiri koma ndi yabodza, ndipo mkodzo wosungunuka umachita zomwe madzi akumwa amachita. Mowa, kachasu, spirit, mafuta onunkhiritsa, zonsezi zimaphulitsa timatumba. Mankhwala otsukira mano, Vaseline, mafuta ophikira ndi phulusa zimangophimba zingwe kuti zivute kuchotsa. Musateme mphini, musayamwe, musamange mwendo ndi chingwe kapena bandeji yothina monga ena amachitira polumidwa ndi njoka.

Pa bluebottle, ululu waukulu umatha pakati pa ola limodzi ndi maola atatu. Nthawi zina umakwera mpaka m'khwapa kapena m'mphechepeche ngati mwanabere, ndipo zimenezi zimatha zokha. Panado kapena Brufen pa muyeso wolembedwa papaketi amathandiza. Koma pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo: kubanika kapena kupuma molira, kutupa kwa milomo, lilime kapena kukhosi, zidzolo thupi lonse kutali ndi polumidwa, chizungulire, kusanza mobwereza, kupweteka pachifuwa, kufooka kapena kukomoka. Itanani ma lifeguard ndi ambulansi nthawi yomweyo. Ku South Africa imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177. Pitaninso kuchipatala ngati walumidwa m'maso, m'kamwa, pakhosi kapena kumaliseche, ngati mikwingwirima yakuta theka la mkono kapena mwendo, kapena ngati ndi khanda, mayi woyembekezera, nkhalamba kapena munthu wodwala mtima kapena mphumu. Diso litsukeni ndi madzi a saline a kuchipatala kapena madzi oyera a m'nyanja, osatikita, kenako kwa dokotala. Kumagombe akutali a ku Mozambique, kumene kulibe ma lifeguard, funsani tsiku lofika lomwelo kuti chipatala chapafupi chili kuti ndipo galimoto ipezeka bwanji usiku.

Munthu akasiya kupuma, mugonekeni chagada pamchenga wolimba ndi kuyamba kukanikiza pakati pa chifuwa: kukanikiza maulendo 30, kuuzira mpweya m'kamwa kawiri, mobwereza, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama masentimita 5 kapena 6 kwa wamkulu. Musaleke mpaka thandizo litafika. Poizoni wa jellyfish woopsa amaimitsa mtima mwadzidzidzi, koma alipo anthu amene anapulumuka chifukwa wina sanatope kukanikiza.

Abale athu amene akupita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ku Australia, kapena kukacheza ku Thailand, Malaysia ndi Philippines, amve bwino apa, chifukwa kumeneko nkhani ndi ya moyo ndi imfa. Box jellyfish yaikulu, Chironex fleckeri, ili ndi thupi la ngodya zinayi loonekera ngati galasi, moti m'madzi simungaione. Ili ndi zingwe zofika 60, chilichonse chotalika mpaka mamita atatu. Mosiyana ndi bluebottle, iyi imasambira yokha, ili ndi maso, ndipo imakonda madzi osaya, odekha, pafupi ndi mathiriro a mitsinje ndi mitengo ya m'matope a m'mphepete mwa nyanja, malo enieni amene kholo lingaone ngati abwino kwa ana. Munthu wokulungidwa ndi zingwe zambiri akhoza kufa m'mphindi zosakwana zisanu. Ku Australia yapha anthu oposa 60 kuyambira m'zaka za m'ma 1880, ambiri mwa iwo ana. Nyengo yake kumpoto kwa Queensland ndi kuyambira Novembala mpaka Meyi, ndipo ku Darwin imayamba mu Okutobala. Mankhwala olimbana ndi poizoni wake alipo m'zipatala za kumeneko, nambala yangozi ndi 000, ndipo m'magombe ambiri mumakhala mabotolo a viniga pa mitengo. Ku Thailand alendo afapo kuzilumba za Koh Samui ndi Koh Phangan, ena atalowa m'madzi usiku.

Palinso kena kakang'ono ngati chikhadabo, kotchedwa Irukandji. Kuluma kwake poyamba sikupweteka kwenikweni, munthu amangomva kuyabwa n'kupitiriza kusambira. Pakapita mphindi pafupifupi 30 m'pamene zimayamba: msana kupweteka koopsa, minofu kukokana, thukuta, kusanza, magazi kuthamanga kwambiri, ndi mantha aakulu oti akufa. Dokotala wa ku Cairns m'dziko la Australia, Jack Barnes, ndi amene anatsimikiza gwero la matendawa atagwira kanyamaka n'kudzilumitsa yekha, mwana wake wa zaka 9 ndi lifeguard wina, ndipo onse atatu anagonekedwa m'chipatala. Phunziro lake kwa wosambira ndi lakuti ukamva kuluma kulikonse m'madzi a kumeneko, tuluka, thira viniga, khala pamtunda pamodzi ndi anthu kwa mphindi zosachepera 45, osabwerera m'madzi ndiponso osayendetsa galimoto wekha. Maukonde amene amatchinga malo osambira ku Cairns ndi Townsville amaletsa box jellyfish yaikulu, koma Irukandji imadutsa m'mabowo ake.

Ku Hawaii zinthu zimayenda ndi mwezi. Mtundu wina wa box jellyfish umafika ku Waikiki masiku 8 mpaka 10 mwezi utakhala wathunthu, mwezi ndi mwezi, moti anthu amayang'ana kalendala asanakasambire.

Chitetezo chenicheni ndi chovala. Timbola tija n'tatifupi kwambiri, sitibowola ngakhale nsalu yopyapyala, ndipo ma lifeguard a ku Queensland kale ankavala masokosi aatali a nayiloni a amayi m'miyendo ndi m'manja chovala chapadera chisanabwere. Koma chovalacho chikhale chothina, chogwira thupi: malaya osambirira a manja aatali ndi ma legging ofika m'akakolo. Apa tiyenera kunena za chizolowezi chathu. Ambiri timalowa m'madzi ndi T-shirt yaikulu, siketi kapena chitenje, chifukwa cha ulemu, ndipo ulemuwo ndi wabwino. Vuto n'lakuti chovala chotaya chimakola zingwe n'kuzisunga pakhungu, ndipo chikamakhuzana ndi thupi timatumba timaphulika m'malo obisika. Amayi angavale chothina mkati pokalowa m'madzi, chitenje n'kuchisiya pamchenga kuti adzifunde potuluka. Ngati chingwe chalowa m'chovala, chivuleni mosamala, mochikweza kutali ndi khungu, osachikokera kumaso.

Chinanso chokhudza zovala ndi tiana ta jellyfish tosaoneka, timene timakodwa m'kati mwa chovala chosambirira. Zimenezi n'zodziwika kwambiri ku Florida ndi ku Caribbean. Munthu amatuluka bwinobwino, n'kusamba shawa atavala chovala chomwecho, ndipo madzulo amapezeka ndi totupa toyabwa motsatira lamba wa kabudula ndi m'munsi mwa mabere. Vulani chovala kaye, kenako sambani, ndipo chovalacho muchichape ndi sopo ndi madzi otentha musanachivalenso.

M'chikwama cha kugombe muzikhala botolo la viniga la lita imodzi kapena awiri, kachitsulo kozulira zingwe, magolovesi, fulasiki ya madzi otentha, kabeseni, Panado ndi mapiritsi oletsa kuyabwa monga Piriton kapena cetirizine. Piriton amagonetsa, ndiye woyendetsa galimoto asamwe.

Masiku otsatira, pakhungu lathu lakuda mikwingwirima siioneka yofiira monga pa zithunzi za m'mabuku. Imaoneka ngati mizere yotupa, yonyezimira, nthawi zina ya timadontho totsatizana, kenako imada kuposa khungu lozungulira. Kudako kungatenge miyezi kuti kuthe, ndipo dzuwa ndi kukanda zimakuonjezera, choncho phimbani malowo ndipo musapake mafuta oyeretsa khungu. Tsukani ndi sopo ndi madzi kamodzi kapena kawiri patsiku, matuza musawaboole, ndipo pa kuyabwa pakani hydrocortisone wa 1% mopyapyala kwa masiku ochepa pakhungu losang'ambika. Anthu ena, pakapita sabata imodzi kapena ziwiri atabwerera kale ku Lilongwe kapena ku Chipata, amaona mizere ija yatupanso n'kuyamba kuyabwa. Limeneli ndi thupi likulimbana ndi zotsalira za mbola, ndipo mankhwala omwewo amathandiza. Koma pakatuluka mafinya, pakatentha, kutupa kukamafalikira kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti balalo munalitenga m'madzi a m'nyanja ya mchere, chifukwa tizilombo ta m'madzi amenewo timafuna mankhwala osiyana ndi a zilonda wamba. Afunseninso ngati katemera wanu wa kafumbata akadali ndi mphamvu.